Nyumba Imene Sindinagule

3 Malichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti ntchito ku wodi yachuluka. Anamwino anzathu awiri anasiya ndipo sanatibweretserebe ena, ndiye miyendoyi ikumafika kunyumba itatupa. Mwana wanu akukhoza bwino kusukulu, masamu okha ndiwo akumupotokola. Nanga bambo, chifuwa chija chinasiya? Ndikanaimba foni, koma mukudziwa kuti makutu awo anatha ndi phokoso la makina, ndipo inu mukaimbiridwa mumayankhira pakati pa makasitomala. Nkhani ndili nayoyi ndi ya inu nokha.

Ndili ndi pempho, ndipo kalatayi ndailemba katatu ndikung'amba. Ndikufuna mundibwerekeko ndalama zija mukusunga zogulira makina atsopano osokera. Denga la nyumba yanga lavuta, likufunika kukonza mvula ina isanabwere. Pakufunika ndalama zofanana ndi malipiro anga a miyezi inayi. Ndikudziwa kuti ndi zambiri. Zomwe mungathe munditumizire, ndidzabweza pang'onopang'ono chaka chisanathe.

Chonde bambo asamve. Mukudziwa mmene amachitira akamva za matabwa ndi misomali.

Ndine mng'ono wanu.

13 Malichi

Iwe Anesi,

Kalata yako ndailandira dzulo. Tonse tili bwino. Alamu ako akungonenepa, ana akungong'amba zomwe ndasoka. Chifuwa cha bambo chinapepuka, ali pa ntchito ya madesiki a sukulu.

Koma mng'ono wanga, denga lanji la malipiro a miyezi inayi? Ukufolera ndi golide? Ine ndine telala, koma ndinakulira m'fumbi la matabwa ngati iwe, ndipo mtengo wa malata ndimaudziwa. Ndiuze zoona. Kodi kwabwera kabambo kena kovala tayi, kamene kali ndi bizinesi yaikulu yongosowa mpamba? Iwe ukakonda umakhala ngati wathiridwa tsabola m'maso, tinaonera pa bambo ake a mwanayo. Ngati ndi matenda nenanso, usafe ndi ulemu.

Ndatumiza theka la zomwe ndinali nazo. Theka linalo ndinapereka kale kwa wogulitsa makina kuti andisungire.

Za kubisira bambo, pepa. Kalata ndinaisiya pa tebulo lodulira nsalu, iwo anabwera kudzabwereka choko, ndipo makutu ndiwo anafa, maso ali moyo. Ndinawapeza atavala magalasi, akuwerenga ngati yawo. Kuyambira pamenepo akungonola macheka uku akuimba. Aika kalata yawo muno.

Mkulu wako.

Mwana wanga,

Landira moni wa bambo ako. Ndamva za denga. Usalole amisiri a m'tauni akhudze nyumba imeneyo. Amakhoma msomali umodzi pofunika itatu, n'kulipiritsa isanu. Undilembere: likudontha chipinda chiti, ndipo madzi akutsikira pakati kapena akutsata khoma? Ngati ndi chipinda cha mdzukulu wanga, ndikukayikira mtanda wachitatu kuchokera ku zenera. Ndinauona chaka chija ndinkaika mashelefu.

Ndimalize madesiki makumi awiri, ndinyamuke. Ndalama za mmisiri usunge. Pa benchi paja timakhala ndi anzanga tikaweruka ndawauza kale kuti ndikupita kukafolera nyumba ya mwana wanga. Mnzanga wometa uja anati, "Ife ana athu amatituma kukapepesa kwa eni nyumba kuti adikire lendi, inu akukutumani pa denga lawolawo." Ndinangoseka, koma mumtima ndinathokoza Mulungu. Amayi ako akanakhala moyo, bwenzi akundimangira kale kamba wa pa ulendo.

Bambo ako.

22 Malichi

Bambo,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chapepuka.

Musavutike kubwera. Munthu wokonza denga ndamupeza kale, ndipo wayamba. Ulendo ndi wautali, msinkhu wanunso si wokwera makwerero. Ine mwezi uno ndi wamawa sindikhala pakhomo, palibe wokulandirani. Mudzabwera nthawi ina, ndikadzakuuzani.

Mwana wanu.

3 Epulo

Anesi,

Moni sindichulutsa chifukwa ndakwiya. Tili moyo.

Kalata unalembera bambo ija ndi ya mtundu wanji? Ngakhale yochotsa munthu ntchito imakhala ndi ulemu kuposa imene ija. Anaiwerenga kawiri, naipinda, naiika m'thumba la malaya. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi jekete langa lija lang'ambika kwambiri?" Ndinati bwanji? Anati, "Mwina kumene amakhala mng'ono wakoyu kwabwera anthu apamwamba. Nkhalamba yogontha, yolankhula mokuwa, imachititsa manyazi pa geti."

Ndinalowa kuseri kwa nsalu kukalira. Munthu ameneyu anagulitsa njinga yake kuti iwe ukaphunzire unamwino, n'kumasenza matabwa pa phewa zaka ziwiri. Mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo bambo akonso chimodzimodzi. Ngati nyumba yakoyo yakula mpaka bambo sakuyeneramo, unene, tidziwe.

Poti ndayamba, ndimalize. Zaka zisanu ndi chimodzi ulibe lendi yolipira, koma kuno umatumiza ngati ukudyetsa mbalame. Mankhwala a bambo ndi ine, magetsi awo ndi ine. Sindinadandaulepo. Lero wanditengera za makina, n'kuwatsekeranso bambo pakhomo. Ndalama zako zimapita kuti?

Yankha msanga, ndipo usandiuzenso za denga.

Mkulu wako.

11 Epulo

Achemwali,

Mwandilasa, ndipo mwalasa poyenera. Khalani pansi muwerenge muli nokha.

Denga silikudontha. Nyumba ino si yanga, sinakhalepo yanga. Ndimalipira lendi mwezi ndi mwezi, gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga, kwa mayi wina wamasiye amene amakhala misewu iwiri kuchokera pano. Ndiko kumene ndalama zanga zimapita.

Mukukumbukira chaka chimene bambo a mwanayu anatisiya, atanyamula mpaka makatani? Nonse munkati ndisiye ntchito ndibwerere kwathu. Nditalowa muno ndinalembera bambo kuti asadandaule, ndapeza nyumba. Pobwera kumeneko kumapeto kwa mwezi ndinapeza msewu wonse ukundigwira chanza. Amayi, ali pa bedi ndi matenda aja, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tsopano ndingathe kupita, uli ndi pako." Ndikanayankha chiyani? Ndinati ndidzalongosola amayi akachira. Sanachire. Kenako bambo anatulukira ndi chitseko cha mtengo wolimba chimene anachipala okha, atachikweza pa basi, n'kukana ngakhale ndalama yokwerera. Chaka chilichonse bodza linkanenepa, ine n'kumaonda.

Choipitsitsa, ndinaphunzitsa mwana wanga. Agogo ake akamabwera, iye ndi amene amabisa kabuku ka malisiti a lendi pansi pa matiresi. Tsiku lina eni nyumba anatulukira bambo ali pano, mwanayo n'kunena yekha, osauzidwa ndi munthu, kuti, "Agogo, awa ndi anzawo a amayi a kutchalitchi." Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinamwetulira.

Tsopano eni nyumba akugulitsa, akukakhala kwa mwana wawo. Andipatsa mwayi woyamba mpaka kumapeto kwa Meyi: ndigule kapena ndisamuke. Ndinapita ku banki nditavala yunifolomu kuti andione ngati munthu. Bambo wa ngongoleyo anayang'ana mapepala anga a malipiro n'kufunsa, "Mayi, zaka muli nazo zingati?"

"Makumi anayi ndi zinayi."

"Ndiye tingakupatseni zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuti muzimaliza pamene mukupuma pa ntchito."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Poyamba ndipereke gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa nyumba, lomwe ndi malipiro anga a miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinali ndi a miyezi iwiri, n'chifukwa chake ndinakunamizani. Kenako mwezi uliwonse azidula theka la malipiro ndi kena pamwamba. Ndinafunsa kuti zonse pamodzi zidzakwana zingati. Anati, "Ndi chiwongoladzanja, zili ngati mwagula nyumba ziwiri." Ndinati nanga ndikadwala, kapena ntchito ikatha? Anakonza tayi. "Miyezi ingapo timamvetsa, mayi. Zikapitirira, nyumba timagulitsa."

Njira ina ilipo. Pafupi ndi chipatala pali kanyumba ka zipinda ziwiri ka lendi yotsika, koyenda wapansi popita ku ntchito. Kumeneko ndingathe kusunga, mwana n'kudzapita ku koleji popanda kupemphetsa. Mutu ukuti ndipite kumeneko. Koma ndikasamuka, bambo ndiwauza chiyani? Pamene ndikagula, bodza lija lisanduka zoona, ndipo sadzadziwa mpaka kalekale.

Si jekete lawo likundichititsa manyazi, achemwali. Ndine ndemwe. Ndiuzeni chochita.

Mng'ono wanu.

12 Epulo

Anesi,

Yankho lako silinafike, ndiye ndikulemba mothamanga. Madesiki atha. Bambo akuti anyamuka mawa ndi basi yoyamba, chikwama cha zida amanga kale. Ndayesa kuwaletsa, akuti, "Akandibweza pa geti ndibwerera, koma ndione kaye mmene mmisiri wachilendoyo wakhomera." Jekete ndawasokera. Foni yako ndaimba kanayi, ili yotseka. Kaya uli ku wodi, kaya ukundithawa. Kalatayi mwina ikupeza iwo atafika kale. Uwalandire ngati bambo ako.

Mkulu wako.

16 Epulo

Achemwali,

Kalata yanu yafika lero, bambo atabwerera kale. Foni ndinkaithimitsa dala poopa mawu anu. Ndikanayankha, zonsezi sizikanachitika.

Loweruka ndinali pa ntchito. Bambo anafika masana, mwana n'kuwalandira. Tiyi sanamwe. Anabwereka makwerero kwa aneba n'kukwera m'siling'i ndi tochi. Ali m'mwambamo, pa geti panaima galimoto: eni nyumba, bambo wogulitsa nyumba, ndi banja lina lachinyamata lodzaona. Mayiwo anandiuziratu kuti azionetsako anthu ena podikira yankho langa.

Bambo potsika anapeza mwamuna wachilendo akuyeza chipinda changa chogona ndi tepi, mkazi wake akutsegula makabati. Anafunsa kuti akufuna chiyani. Wogulitsayo anayankha, koma bambo sanamve. Anangoona pepala m'manja mwake, lokhala ndi chithunzi cha nyumba ino ndi mtengo pansi pake. Mukuwadziwa bambo. Anaganiza kuti ndi akuba aja amagulitsa nyumba za eni ndi mapepala abodza. Anatola hamala, nawatulutsa onse mpaka pa msewu, akukuwa kuti, "Nyumba ya mwana wanga iyi! Anaigula ndi thukuta lake! Chitseko ichi ndinapala ndine! Itanani apolisi!" Aneba anatuluka, ena ali ndi thovu la sopo m'manja. Eni nyumba ankayesa kufotokoza, bambo n'kuwaloza: "Inunso, mayi wa kutchalitchi, mukudya nawo?"

Mwana wanga ndiye anathetsa nkhani. Anagwira agogo ake mkono n'kuwauza chapansipansi. Sanamve. Anabwereza. Sanamve. Mpaka anaika pakamwa pa khutu lawo n'kufuula, msewu wonse ukumva: "Agogo! Nyumbayi si yathu! Timachita lendi! Amayi ananama!"

Akuti bambo anayang'ana hamala ija ngati sakudziwa amene wawapatsa. Anaiika pansi, navula chipewa, napita kwa eni nyumba n'kugwada pa fumbi kupepesa. Anapepesanso wogulitsa uja, ndi banja lija mmodzimmodzi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, kugwadira ana chifukwa cha ine.

Nditaweruka ndinawapeza atakhala pa chikwama chawo cha zida, panja pa khonde. M'nyumba anakana kulowa mpaka nditabwera. Ndinagwada. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Denga lili bwino." Basi. Chakudya analawa pang'ono chifukwa cha mdzukulu wawo. M'mawa anakana kuti ndiwaperekeze ku basi.

Mwana sakundilankhula. Pa msewu ndikumadutsa nditaweramitsa mutu ngati ndataya singano.

Ndaganiza, ndisaina. Ndigulitsa firiji ndi mipando kuti ndalama yoyamba ija ikwane, ndizigwiranso ntchito ndi masiku opuma omwe. Bambo ananena pamaso pa anthu kuti nyumbayi ndi ya mwana wawo. Mawu amenewo asanduke oona, ngakhale ndimwe madzi okha zaka zonsezo.

Mng'ono wanu.

25 Epulo

Mng'ono wanga,

Makalata ako onse awiri ndawerenga. Yoyamba inandipeza bambo ali kale kwa iwe. Ndinakutukwana tsiku lonse uku ndikusoka, mpaka ndinalumikiza mkono wa diresi ya mwini mozondoka. Kenako mkwiyo unatha, kunatsala manyazi anga.

Zaka zonsezi ndinkakuchitira nsanje. Ndinkauza alamu ako kuti nyumba yakulowa m'mutu, kuti ndiwe womana. Koma makasitomala akabwera, ndine ndemwe ndinkayambitsa: "Mng'ono wanga ali ndi nyumba yakeyake m'tauni." Sindinakufunsepo n'kamodzi komwe kuti namwino wosiyidwa wopanda ndi katani yomwe anagula bwanji nyumba m'mwezi umodzi. Sitinafunse chifukwa kunyada kunkatikomera.

Bambo anafika. Pa benchi sakupitanso. Anzawo akabwera kudzafunsa za denga, amandituma kuti ndikanene kuti agona. Dzulo kunabwera munthu wa galimoto kudzaona makina awo opalira matabwa, aja amawapukuta ngati khanda. Nditawafunsa anati, "Mwana akuperewera za miyezi itatu." Kalata yako ya pa 11 ndinawapatsa ndine. Usandide, kubisa kwatikwana.

Ndiye taona. Iwe ukufuna kudzimangirira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti uchotse manyazi a bambo, bambo akufuna kugulitsa chowadyetsa kuti achotse manyazi ako. Masamu ako ndawalemba ndi choko pa tebulo langa. Banki ikadula, iwe n'kulipira magetsi, madzi, basi ndi sukulu, chotsala sichikwana ndi sopo yemwe. Ngongole ya nyumba payokha sinaipe, anthu amagula choncho n'kukhala bwino. Koma amagula atakhala pansi, atawerengera. Iwe ukugula ukuthawa.

Wogula makina abweranso pa 15 Meyi ndi ndalama. Uwalembere bambo wekha, ine ndatopa kukhala mlatho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mkulu wako.

2 Meyi

Bambo,

Ndine mwana wanu wonama uja. Sindikudziwa ngati ndikuyenera kufunsa za moyo wanu, komabe ndikufunsa: muli bwanji, chifuwa chili bwanji?

Ndinakunamizani zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakusiyani kukhoma mashelefu m'nyumba ya eni, ndi kunyada pamaso pa anzanu pa chinthu chomwe kulibe. Ndinakulemberani kalata youma kuti musabwere, inu n'kumaganiza kuti ndikunyansidwa nanu. Pomaliza munagwada pa msewu chifukwa cha ine. Sindikupempha kuti muiwale. Ndikhululukireni.

Makina musagulitse, chonde. Mukagulitsa, ndalamazo ndidzazibweza ndi basi yomweyo.

Achemwali anakuonetsani masamu onse. Banki yavomera, fomu ili pano pa tebulo, kwangotsala dzina langa. Tsiku lina ndimati ndisaine, poti lendi ndi kutunga madzi ndi dengu: zaka zonsezi ndalipira, ndilibe ngakhale njerwa imodzi, ndipo ndikadzakalamba ndidzagona kuti? Tsiku lina ndimati ndisamukire ku kanyumba ka zipinda ziwiri, ndisunge, mwana aphunzire, mwina patsogolo ndidzagule kakang'ono kondiyenera. Sindikudziwanso ngati nyumbayi ndikuifuna, kapena ndikungoopa maso a anthu.

Inu nyumba mumazidziwa. Ndiuzeni mmene mungauzire kasitomala, osati mwana wanu.

Mwana wanu.

10 Meyi

Mwana wanga,

Ndili bwino. Chifuwa chimabwera m'mawa, dzuwa likakwera chimapita.

Ndinafufuza m'bokosi la amayi ako, ndinaipeza kalata yako yakale ija. Unalemba kuti "ndapeza nyumba". Mawu akuti kugula mulibemo. Ndinawaonjezera ndine, pa benchi, tsiku lomwelo, chifukwa mnzanga wometa uja anali atangonena kuti kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya ndalama. Bodza unalilera ndiwe, koma ndinalibereka ndine. Tigawane.

Wati ndikuuze ngati kasitomala. Imva. Nyumba imeneyo usagule. Khoma la kuseri, la kukhitchini, lili ndi mng'alu woyambira pansi, moti chala changa chaching'ono chimalowa. Anaumata n'kupakapo penti, koma chaka ndi chaka ukutseguka. Ndakhala ndikuuyeza ndi msomali ulendo uliwonse. Maziko ake anakhala pa dothi lofewa, mbali ya ngalande. Zaka zisanu zisanathe padzafunika kugwetsa khomalo, ndipo banki sidzabwera ndi simenti. Ndinauona tsiku loyamba lomwe. Ndinakhala chete poganiza kuti wagula kale, ndingakuchititse manyazi kuti anakupusitsa. Ndiye iwe unkandibisira kabuku, ine ndinkakubisira mng'alu, tonse tikumwa tiyi pa tebulo limodzi. Eni nyumbawo uwauze, asagulitse kwa ana odzaona aja osadziwa. Mwina nawonso sakudziwa.

Lendi si kuba. Ine ndi amayi ako tinachita lendi zaka khumi ndi zinayi, ndipo iwe unaphunzira kuyenda m'nyumba ya eni. Ukadzasunga zokwanira, n'kupeza ina imene ngongole yake sikupinda msana, udzandiitane ndidzagogode makoma usanasaine. Awa ndi mawu a mmisiri. Dzina lolemba pa fomu ndi lako, usankhe wekha.

Makina sindigulitsa. Lachitatu ndinapita pa benchi n'kuwauza zonse, ndi za hamala zomwe. Anaseka mpaka wometa uja anatsamwa. Zinawawa, sindinama. Ndinakhala pomwepo mpaka anamaliza.

Mdzukulu wanga umupepese. Katundu amene unamusenzetsa si wa msinkhu wake.

Bambo ako.

4 Juni

Achemwali,

Moni kuchokera ku nyumba yatsopano. Ndi ya lendi, ndanena ndekha. Muli bwanji nonse?

Fomu ndinakabweza ku banki. Bambo wa ngongole uja anati, "Mwaganiza bwino, mayi? Chaka chilichonse mukachedwa, zaka zobwezera zikuchepa." Ndinati ndaganiza. Ananditsegulira buku losungira, azidula pang'ono mwezi uliwonse ndisanazione. Eni nyumba nditawauza za mng'alu anakhumudwa kaye, kenako anaitana mmisiri, ndipo atsitsa mtengo. Zanu zija ndatumiza zonse, kamalizeni za makina.

Tinasamuka Loweruka. Aneba aja anabwera kudzatithandiza kunyamula, osatchulako kalikonse, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Muno ndi mothina. Tebulo litalowa, mpando umodzi unatsala panja. Mpopi tikugawana ndi banja lina, ndipo akakazinga anyezi timatsokomola ndi ife. Koma ku ntchito ndikumayenda mphindi khumi zokha.

Mwana ndinamupepesa. Sanalire, sanandikumbatire. Anangoti, "Ndinkadana ndi masiku obwera agogo, chonsecho ndimawakonda." Mawu amenewo akundiyendabe m'mutu, ngakhale ndili pakati pa odwala. Wayamba kundilankhula pang'onopang'ono.

Ndapempha masiku atatu, tibwera pa 15. Ndikuopa, achemwali. Mudzandichingamire pa siteji, tidzadzere njira ya kuseri kwa msika. Pa benchi paja sindingadutsepo. Maso a madala aja sindingawapirire.

Mng'ono wanu.

10 Juni

Anesi,

Tamva, tikudikira. Ndalama zafika, makina ndatenga dzulo.

Pa siteji sindibwera. Ndawauza bambo za njira ya kuseri kwa msika, akana. Akuti adzakuchingamira okha, iwe dzanja lino, mdzukulu wawo dzanja linalo, ndipo mudzadzera pa benchi. Akuti udzaime, upereke moni kwa aliyense mmodzimmodzi, ndipo mokweza, kuti iwonso ndi makutu awo aja amve.

Mkulu wako.